Musandiwonjezere Magazi

Tsiku limene ndinayamba ulendo sindilikumbuka bwino, kaya kunali dzuwa kaya kunali mvula. Chimene ndimakumbuka ndi chala. Paliponse pamene ndafika m'dziko muno pamakhala chala cha munthu wachifundo chikundidikira. Ndisanakhazikike n'komwe chimabwera, chimakoka chikope changa cham'munsi, mwini chalayo n'kusuzumira m'diso mwanga. Kenako amapukusa mutu.

"Magazi achepa awa."

Abale inu, magazi anga sanachepepo. Mawu amenewa ndawanena m'midzi ndi m'matauni mpaka kukhosi kuuma gwa, koma zimakhala ngati ndikuyankhula ndi chitsa.

Bambo anga anamwalira atada bii, mimba itatupa, miyendo itatupa. Anthu ankati magazi awathera. Amene ankawadwazika anali achemwali anga, a Elube, amenenso anandilera ine mayi atatisiya. A Elube ankafulula masese m'migolo yachitsulo kuseri kwa nyumba, ndipo mowa wawo unkadziwika mpaka kutsidya kwa dambo. Bambo atayamba kufooka, achemwali sanakhale pansi. Ankawakazingira chiwindi cha ng'ombe, ankawawiritsira masamba a mapeyala mpaka madzi kufiira, ankawagulira timapilitsi tofiira towonjezera magazi, dzuwa likapendeka n'kuwatungira chipanda cha mowa kuti mtima ukhale m'malo. Chakudya ankabwera nacho m'mbale yovindikira ndi mbale inzake. Bambo ankadya, n'kumafookerabe.

Patapita nthawi nane zinandiyamba. Ndinkadzuka wotopa ngati ndalima dzulo lonse. Mfundo za zala ziwiri izi, chamkombaphala ndi chapakati, zinkaphwanya moti munthu akandigwira chanza ndinkaluma mano. Ndinayenda m'zipatala zingapo, konse akundipatsa timapilitsi tofiira tomwe tija, mpaka ndinafika pa chipatala china cha paphiri pamene dokotala wamkazi wa imvi anandiyeza mosathamanga.

"Thupi lanu ndi laumbombo, bambo," anatero. "M'zakudya muli chitsulo chosaoneka ndi maso, chimene pa wailesi amati ayironi. Thupi la munthu limatengako pang'ono, chotsala n'kuchisiya chidutse. Lanu silidziwa kukana. Limangotenga n'kukaunjika m'chiwindi, mumtima, m'mfundo. Chikalowa chilibe khomo lotulukira, ndiye tizikuchotsani magazi nthawi ndi nthawi kuti chizitulukira momwemo."

Anandiuza zoti ndizipewa. Mowa ayi, makamaka wofululira mumgolo, poti dzimbiri la mgolo limasungunukira momwemo. Chiwindi ayi. Nyama yofiira mwa apo ndi apo. Mapilitsi owonjezera magazi ndiziwathawa. Malalanje ndi mandimu ndizidya patali ndi nthawi ya chakudya, koma tiyi ndizimwa pakudya pomwepo chifukwa amatchinga chitsulocho.

"Muli ndi m'bale wa bere limodzi?"

"Alipo achemwali."

"Mubwere nawo. Matendawa amayenda pamtundu. Akazi amachedwa kuonetsa poti amataya magazi mwezi ndi mwezi, koma akadzasiya kupita kumwezi zidzawayamba. Tikawapeza msanga chiwindi chawo chidzapulumuka."

Ndinafika kwathu tsiku la mowa wokumbukira bambo. Migolo inali itandandalikidwa pansi pa mtengo wa mango, anthu ali mbwee. Achemwali atandiona anathamanga, anandikoka chikope, kenako maso awo anagwera pa thonje limene linali pamkono panga.

"Ichi n'chiyani, achimwene?"

"Andichotsa magazi."

"Akuchotsani? Munthu wofooka chonchi? Madokotala ake ati amenewo?"

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mbale yovindikira ndi chipanda cha mowa. Anagwada pamaso pa anthu onse. Nditavundukula ndinapeza chiwindi chokazinga ndi anyezi, monga ankawachitira bambo.

"Pepani achemwali, ichi sindidya, ndipo mowawu sindimwa. Akuti matenda anga ndi omwe aja a bambo, ndipo zinthu izi ndi zimene zimawakulitsa. Akuti nanunso mupite akakuyezeni."

Achemwali anaika chipanda pansi.

"Tanenaninso."

Ndinanenanso pang'onopang'ono, monga dokotala ananenera, ndikuganiza kuti sanamve bwino. Achemwali anavindikira mbale ija bwinobwino n'kuimirira.

"Ndakulerani ndi manja awa. Ngati lero mwaona chiphe m'mbale mwanga, pitani mukadye kumene mukukukhulupirira. Ine magazi anga salowa m'botolo la munthu."

Ndinachoka mtima ukuwira. Ndinadziuza kuti vuto ndi mawu, kuti ndikapeza kafotokozedwe koyenera ndidzabwerera, achemwali adzamva, tidzapita limodzi paphiri paja nthawi isanathe. Ndinkayesa kuti ndi nkhani ya masiku ochepa.

Malo oyamba anali msika wa m'mbali mwa msewu, pamene mabasi amaima kuti anthu akataye madzi. Ndinagwira ntchito kwa a Gwaza, bambo wamimba, woseka ndi thupi lonse, amene ankawotcha nyama pachiwaya. Anandiphunzitsa kudula nyama mopingasa kuti ifewe, kudziwa mbuzi yophedwa lero poyang'ana mafuta ake, ndi kuwaza mchere dzanja lili m'mwamba kuti wogula aone kuti sukuumira. Masana onse ndinkakhala mu utsi wa nyama malovu ali chuchuchu, kenako n'kupita kuseri kukadya nyemba ndi tiyi. A Gwaza zimenezi zinkawawawa kwambiri. Tsiku lina anapukuta chala pa epuloni n'kundikoka chikope.

"Magazi achepa awa, mphwanga."

Ndinati ndiyesere pa iwo mawu amene ndinkakonzera achemwali.

"Tayerekezani nkhokwe, a Gwaza. Yadzaza kale, koma anthu akungothiramobe chimanga. Mapeto ake imaphwasuka."

"Ha! Kwathu nkhokwe ikadzaza timavina, iwe ukupita nayo kuchipatala? Tadya apa, usandichititse manyazi."

Kenako ogula anayamba kuona. Mayi wina anafunsa mokweza kuti wowotchayu bwanji salawa nyama yake. Pofika tsiku la msika nkhani inali itamera miyendo, ati a Gwaza amawotcha galu, n'chifukwa chake wantchito wawo amakadya kuseri. Anthu anasamukira pachiwaya cha mnzathu.

"Ungolawa kachidutswa pamaso pawo, mphwanga," anandidandaulira a Gwaza. "Kachiwindi kamodzi kokha."

Ndinalawa. Kanali kokoma, ndisaname. Koma basi iliyonse imabwera ndi maso atsopano, ndipo maso aliwonse ankafuna kuona ndikutafuna. Ndinatsanzika. Akazi a a Gwaza anandithamangira mpaka pamsewu ndi mbale yovindikira, ati kamba wa panjira. Sindinavundukule, ndinkadziwa kale.

Ndinayenda kulowera kumene kumachokera nkhungu, mpaka ndinapezeka pakati pa minda ya tiyi yobiriwira kufikira kumene maso amathera. Kumeneko ndinaphunzira kuthyola masamba awiri ndi kansonga, kuponyera m'dengu la kumsana osatembenuka. Zala zinkawawa m'mawa, dzuwa likakwera n'kuleka. Tiyi anali ponseponse, chipatala chinali pafupi, ndipo thupi linayamba kupepuka. Ndinati basi, ndafika.

Mzere woyandikana ndi wanga ankathyola Dolika, mkazi wamanja achangu ndi pakamwa pachangu. Nditamuuza zimene sindidya anaseka mpaka kukhala pansi.

"Ndiye kuti ndapeza mwamuna wosavuta. Anzanga amalira ndi amuna a mowa ndi nyama, wanga ndi wa mazira ndi mpiru."

Tinakwatirana. Poyamba zinkamuseketsa, kenako zinasiya. Akazi anzake m'malayini, nyumba za antchito, ankamunena kuti amamana mwamuna wake ndiwo. Chaka chinapita, china chinapita, mwana osaoneka, ndipo m'nyumba zinthu zinayamba kuzirala. Dokotala uja anali atandichenjeza kuti chitsulocho chimafoketsanso mphamvu za abambo, koma ungamuuze bwanji mkazi zoterozo akuyang'ana mimba za anzake? Azakhali ake anabwera atanyamula mabotolo a chakumwa chofiira cha chidede chosakaniza ndi mapilitsi osinja. Aakulu mwa iwo anandikoka chikope popanda ngakhale moni.

"Mwamuna wopanda magazi angabereke bwanji? Ndipo otsalawo akukasiya kuchipatala! Apongozi, mutu wanu ukuyenda bwino?"

Ndinawafotokozera za mtsuko wodzaza, za ngolo yolemedwa, za chilichonse chimene chinandibwerera m'mutu. Ankangoyang'anana.

Nthawi imeneyo kunabuka mphekesera ya anamapopa, anthu amene amati amayenda kupopa anzawo magazi. Palibe amene anawaonapo, koma aliyense anali ndi msuweni wake amene anapopedwa. Masana ena tikuyezetsa madengu, malaya anga anakwinyika ndipo thonje linaoneka, ndi zipsera za singano zonse zija. Anthu anandizungulira.

"Amene amakupopaniwo ndani?"

"Ndi anamwino. Ndimapita ndekha."

"Mwamva? Amapita yekha! Nanga magaziwo amapita nawo kuti?"

"Amataya."

Ndikanadziwa ndikananama. Magazi a munthu, kutaya? Panalibe mmodzi amene akanakhulupirira zimenezo. Wina anakuwa kuti ine ndi amene ndimawalozera nyumba anamapopawo, ndipo mwala woyamba unandipeza paphewa. Kapitawo anandilowetsa mosungira madengu mpaka anthu anabalalika. Kumeneko sindikanakhalanso. Dolika anandiperekeza mpaka pamphambano, akulira mosatulutsa mawu. Anandipatsa kachikwama ka zovala zanga, kenako anamasula nsalu n'kutulutsa mbale yovindikira.

"Mudye kamodzi kokha, bambo. Mwina akunama madokotalawo."

Ndinamukonda mkazi ameneyo, ndipo ndinamukwiyira. Ndinalandira mbaleyo n'kuipatsa munthu woyamba amene ndinakumana naye.

Pambuyo pake panali tauni ya fumbi. Kuseri kwa depoti ya mabasi amisiri ankadula migolo yakale n'kukhoma mbaula ndi ndowa. Amene anandilandira anali a Sumani, nkhalamba imene phokoso la nyundo linaigonthetsa kalekale. Anandiphunzitsa ndi manja okha: kulemba mzere ndi msomali, kupinda mlomo wa ndowa, kukhoma mosabowola. Kumeneko kunalibe womufotokozera chilichonse, ndipo ndinazindikira kuti ndatopa. Ndinatopa kukhala munthu wokana. Munthu wokana chakudya m'dziko muno alibe m'bale. Paukwati amakuyesa wonyada, pamaliro amakuyesa mfiti, pakhomo pa mnzako amakuyesa kuti ukumuganizira zoipa.

Ndiye ndinavomera. Mbale ikabwera ndinkavundukula n'kudya. Chipanda chikadutsa ndinkamwa. Kuchipatala ndinasiya. Abale inu, dziko linakoma bwanji! Anthu ankandimenya paphewa, ankandiitana pa dzina, ankandisungira malo pabenchi. Palibe amene anandikoka chikope, poti munthu wodya bwino safufuzidwa.

Kenako ndinayamba kulota misomali. Ndinkalota ndikuyenda pamsika, timisomali tonse ta a Sumani tikudzuka pansi n'kumanditsatira, kundikakamira m'miyendo, m'mimba, mpaka kulephera kunyamula phazi. Masana ludzu silinkatha. Pamene ndataya madzi pankasonkhana nyerere. Tsiku lina ndikupukuta lata latsopano ndinaona bambo akundiyang'ana, akuda bii, masaya atalowa. Ndinatembenuka kuti ndiwapatse moni, koma kumbuyo kwanga kunalibe munthu.

Namwino wa chipatala cha m'tauniyo sanandinyengerere.

"Munkadziwa, bambo, inu munkadziwa. Tsopano mwadziwonjezera shuga pamwamba pake. Mukapitiriza, chiwindi chiuma, ndipo chikauma ife tilibe chochita."

Anayambanso kundichotsa magazi pafupipafupi. Tiyi, mnzanga yekhayo amene anandikhalira wokhulupirika, naye ndinayamba kumumwa wopanda shuga. Ndili chigonere pabedi paja ndinkawerenga m'mutu zaka za achemwali, n'kuona kuti nthawi imene dokotala wa imvi ananena ija yayandikira, mwina yafika kale, ine mawu oyenera ndisanawapeze.

Malo otsiriza anali mudzi wa dothi lofiira, kumene ndinkakumbira dongo mayi wina woumba, a Nasoko. Anali mayi wolongolola, wokangana ndi nkhuku zomwe. Ndinkawapondera dongo, kuwatolera makungwa owotchera, ndi kusenza miphika kupita nayo kumsika. Ankati mwamuna saumba, koma ataona kuti dongo lozizira limandiziziritsa zala anandilola kusalaza miphika ndi kamwala. Iwo sanandikoke chikope msanga chifukwa manja awo ankakhala amatope. Anadikira tsiku la Mulungu atasamba.

A Nasoko anali ndi chifuwa chimene chinawakhalira zaka. Ukawauza za chipatala ankakutukwana. Koma akangomva kuti mwana wa mnansi wagonekedwa, ankasiya mphika uli pakati, kumanga mbale pansalu, ulendo wapansi kukadwazika. Ndinawayang'ana tsiku lina akutsetsereka ndi katundu pamutu, akutsokomola, ndipo ndinaona achemwali enieni. Akazi amtundu umenewu sapita kuchipatala kukadwala, amapita kukadwazika.

Sipanapite nthawi, pamsika panabwera mayi wina wa chakwathu kudzagula mtsuko. Anandizindikira ndi mawu.

"Inu muli kuno? Achemwali anu sali bwino. Magazi awathera, ada bii ngati malemu bambo anu. Koma musadandaule, mwana wawo akuwasamala kwambiri."

Mawu otsirizawo ndi amene anandiopsa. Ndinasankha mphika umodzi umene ndinausalaza ndekha, ndinaukulunga m'malaya, n'kuuyamba ulendo.

Mudzi ndinaupeza utachepa, koma mtengo wa mango ndi migolo zinali pomwe paja. Achemwali anali pamkeka pakhonde, atatsamira khoma.

"Mwabwera, achimwene."

"Ndabwera, achemwali."

Ndinagwada, ndinaika mphika uja pambali pawo n'kuwagwira chanza. Sindinafinye, koma anatsinzina n'kuluma mano, ndipo ine ndinaluma anga. Tonse tinachita ngati sitinaone.

Mwana wawo Feliya, amene ndinamusiya akusewera ndipo tsopano anali mayi wapabanja, anatuluka ndi mbale yovindikira ndi timapilitsi tofiira m'dzanja.

"Takulandirani, amalume. Amayi tikuyesetsa, koma magazi sakubwerera."

Mawu onse a zaka zonse zija anakwera mpaka pakhosi, nkhokwe, mtsuko, ngolo. Ndinafuna kukuwa, ndinafuna kuitenga mbaleyo n'kuiponya kudzala. Ndinameza.

"Achemwali, ine ndikudwala. Mawa akandichotsa magazi paphiri paja, ndipo ndilibe wondiperekeza. Ndikatuluka ndimachita chizungulire."

"Zaka zonsezi simunaleke zopusazo?"

"Sindinaleke."

"Mkazi mulibe?"

"Ndilibe."

Anapumira m'mwamba, akuyang'ana kumbali.

"Feliya, undichapire nsalu ija ya maluwa. Munthu angakagwe panjira anthu n'kumati alibe abale."

Tinakwera galimoto mpaka patsinde pa phiri, kotsalako tinayenda pang'onopang'ono, wodwazika akupuma kawirikawiri kuposa wodwala. Mbale anali ataimanga pansalu, ndipo anakana kuti ndiwanyamulire. Pabenchi tinakhala moyandikana ndi mayi wachitsikana wa mwana wakhanda, milomo yake ili mbuu. Achemwali sanathe kupirira. Anamukoka chikope.

"Awa ndiye achepadi," anatero, n'kundiyang'ana ine ngati ndawalakwira.

Dokotala wa imvi uja anali atapuma ntchito. Amene anatiitana anali namwino wamng'ono thupi, wodekha. Achemwali analowa nane n'kuima kumutu kwa bedi, mbale ili m'khwapa. Singano italowa, magazi n'kuyamba kutsika m'kapaipi, anagwira dzanja langa linalo mwamphamvu kuti andilimbitse mtima, ndipo tonse awiri tinati "Mayo!" nthawi imodzi.

Namwino anayang'ana zala zawo, anayang'ana nkhope yawo.

"Mayi, zala zimenezi zinayamba liti?"

Achemwali ankayang'ana thumba la magazi likudzaza. Atayankhula, sanayankhule ndi ine kapena ndi namwino, anayankhula ndi khoma.

"Ndifunse nawo. Munthu akamadwala matenda amenewa, wina n'kumamupatsa chiwindi tsiku ndi tsiku. Ndi mapilitsi. Ndi mowa wa mumgolo. Kumukakamiza ngakhale akukana, kumunyengerera ngati mwana. Munthuyo n'kufa. Ndiye kuti womupatsayo wamupha?"

Ine ndinayenda dziko lonse kufunafuna mawu oti achemwali amve, chonsecho iwo anamva tsiku loyamba lomwe lija, pansi pa mtengo wa mango. Anamva kuposa zimene ine ndinanena, ndipo anazisenza okha zaka zonsezi. Kuti avomere matenda anga kunali kuvomera kuti bambo anawapha ndi manja awo.

"Womupatsayo ankadziwa?" anafunsa namwino.

"Sankadziwa."

"Ndiye ankadwazika, mayi. Amene anapha ndi matenda. Ifenso a chipatala timawaphonya matenda amenewa, nanga inu mukanawaona bwanji?"

Achemwali anatembenukira kwa ine. Ankafuna kumva kwa ine, ndipo ine, katswiri wa mafanizo, ndinalibe ndi limodzi lomwe.

"Bambo ankatha mbale yonse, achemwali," ndinatero. "Mukatuluka ankandiuza kuti pamudzi ponse palibe munthu wodwazikidwa bwino ngati iwo."

Anasiya dzanja langa n'kutuluka. Ndinati basi, athawa, ndawatayanso. Ndinafuna kudzuka ndi singano yomwe, namwino anandikanikiza paphewa. Kudzera pakhomo ndinawaona akugwada pamaso pa mayi wachitsikana uja, akumasula nsalu, akuvundukula mbale.

"Idya mwanawe, umalize chonse. Mbale undisungire."

Anabwerera, anakhala pampando, anakwinya dzanja la bulauzi n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

"Pang'ono pokha, anamwino. Osati ngati a awa, awa anazolowera."

Zotsatira tinakazimva tsiku lina. Chitsulo chinali chochuluka, chiwindi chinali chitakhudzidwa, koma sichinali chitauma. Anati tachedwa, koma sitinachedweretu. Za migolo ija tinakangana pambuyo pake, ndipo mkanganowo sunathe mpaka lero.

Koma tsiku loyamba lija, tikutsika phiri, aliyense ndi thonje lake pamkono, achemwali anaima pamthunzi kuti apume. Anandiyang'ana kumaso, ndipo ndinaona chala chikubwera. Chinafika pafupi ndi diso langa, chinaima, kenako chinabwerera chokha.

"Nanga tizidya chiyani tsono, achimwene?"

Ndinakhala pansi pamwala. A Gwaza, Dolika, azakhali, a Nasoko, anthu onse abwino aja anandiuza kuti idyani, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsapo funso limeneli. Misozi inatuluka, ndipo sindikudziwa ngati inali ya chimwemwe kapena ya mkwiyo.

"Nyemba," ndinatero. "Mazira. Nsomba, nkhuku, masamba. Ndi tiyi pakudya pomwepo."

"Nyemba? Mwazungulira dziko lonse kuti mudzandiuze nyemba?"

"Eya."

Anapukusa mutu, anaika mbale yopanda kanthu pamutu n'kuyamba kutsika.

"Tikafika mundipatse kamphika kanu kaja ndikaone ngati sikadontha."